Asatipatse digiri tisanakafunse agogo

Kuti munthu avale mkanjo wa digiri ya mbiri yakale pali zipata zimene sangazilambalale. Choyamba chili kunja kwenikweni: pa MSCE ayenera kukhoza bwino maphunziro 6, ndipo limodzi mwa maphunzirowo likhale Chingerezi. Akalowa zimamudikira zaka zinayi. Kumene ndikuphunzira ine, chaka choyamba mbiri imayenda limodzi ndi maphunziro ena, kuphatikizapo kosi yotiphunzitsa kulemba Chingerezi cha kuyunivesite. Kenako pamabwera mbiri ya Malawi, ya Africa, ya ku Ulaya, kosi ya njira zochitira kafukufuku, ndipo kumapeto pepala lalitali la chaka chomaliza lija limene limawondetsa anthu. Anzanga a m'mayunivesite ena akamafotokoza za kwawo, mayina a makosi ndiwo amasiyana, koma msewu ndi womwewu.

Zimene zili pamndandandawu ndilibe nazo mlandu. Chondivuta ndi chimene palibe. Munthu akhoza kudutsa zipata zonsezi, n'kukhoza bwino, n'kujambulitsa ndi makolo ake atavala chisoti, asanakhalepo pamphasa ndi nkhalamba ngakhale imodzi kuifunsa zimene inaona ndi maso. Za kufunsa anthu timaphunzira ndithu. Dzina la Jan Vansina timalidziwa, ndipo pamayeso tikhoza kulemba ubwino ndi kuipa kwa mbiri yapakamwa, mfundo zisanu mbali iyi, zisanu mbali iyo. Koma wodziwa ubwino wa njinga sindiye kuti amatha kupalasa. Ine ndikuti kupita kumudzi ndi kope ndi foni yojambulira mawu likhale lamulo la digiriyi, loti ukapanda kulikwaniritsa sumaliza, monga mmene sumalizira ukalephera kosi ya Chingerezi ija.

Chimene chandilimbitsa mtima chonchi ndi kwathu. Ine ndimachokera kwa Kuntaja, kumene anthu a m'tauni amakudziwa chifukwa cha bwalo la ndege la Chileka basi. Ena dera lathu lino amangoliona ali m'basi ya ku Lilongwe, akugula tomato pawindo pa Lunzu kapena pa Lirangwe. Kuno n'kouma poyerekeza ndi Thyolo kapena Mulanje. Mukamatsika kuchoka mumzinda wa Blantyre kulunjika ku Shire kutentha kumakula, mvula n'kumachepa. M'dzinja la 1948 kulowa 1949 mvula inayamba, kenako n'kudula chimanga chikadali chaching'ono. Njala imene inatsatira inafika poipa kumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950, ndipo madera a Lunzu ndi Lirangwe anali m'gulu la amene inawakantha kwambiri. Boma la atsamunda, bwanamkubwa wake ali Geoffrey Colby, linawerenga anthu pafupifupi 200 kuti ndiwo anafa ndi njala. Chiwerengerochi sichinaphatikize amene anamwalira ndi matenda thupi litafooka kale.

Buku lodziwika kwambiri pa njalayi ndi The Story of an African Famine la mayi Megan Vaughan, limene linatuluka mu 1987. Mayiwa anaphunzitsako ku Chancellor College, ndipo mafailo a boma anawawerenga monga amachitira wolemba mbiri aliyense. Koma sanaimire pomwepo. Anapita m'midzi ya m'boma la Blantyre kukacheza ndi amene anapulumuka, makamaka amayi, n'kumvetsera ngakhale nyimbo zimene ankaimba pamtondo. M'mafailo njalayi inali nkhani ya mvula ndi matani a chimanga, ya anthu amene akuti achulukana mpaka kugugitsa nthaka, ya alimi amene akuti anatengeka ndi fodya n'kuiwala chakudya. M'kamwa mwa amayi aja inali chaka chimene mabanja anatha. Kuno ambiri ndi a chikamwini, mwamuna amakhala kwa mkazi. Njala itakula amuna ambiri ananyamuka kuti akukasuma, ena kubwerera kwa abale awo, ndipo ena mwa iwo sanabwerenso. Anakakwatira kumene anapeza chakudya. Chimanga cha boma nacho chinkafika mosavuta kwa amene anali pantchito yolipidwa, amene ambiri anali amuna, motero mayi wosiyidwa ndi ana anapwetekeka kawiri.

Taganizani bwino pamenepa. Bwana DC wakhama chotani sakanalemba zimenezi, chifukwa pa mtondo sankafikapo, ndipo akanafika amayi akanasiya kuimba. Funso lakuti njala imasankha ndani m'nyumba imodzi linatuluka chifukwa munthu wina anakhala pansi n'kumvetsera. Lero bukuli limawerengedwa m'mayunivesite a kunja ndi anthu amene sangaloze Lirangwe pamapu. Sindikunena izi mowanyoza mayi Vaughan ayi. Anagwira ntchito imene tonse tikudyerapo. Chondidabwitsa n'chakuti ife ana a midzi yomweyo timabwereka bukuli m'layibulale, kulitchula mu asayimenti, tsamba lakutilakuti, holide ikafika n'kupita kumudzi kumene zidzukulu za amayi aja zikutiphikira nsima, ndipo palibe pamene dongosolo la maphunziro athu limatifunsa kuti kodi kumeneko mwamvako chiyani.

Mapepala sindikuwachepetsa. National Archives ku Zomba ndi chuma, ndipo wophunzira mbiri amene sanagwirepo failo yakale ndi manja ake akusowa kanthu. Chimodzimodzinso mabuku ndi zithunzi za Society of Malawi ku Mandala House. Koma tizifunsa kuti analemba ndani. Analemba ndi ma DC, amishoni, eni maesiteti ndi apolisi. Munthu wamba wa kwa Kuntaja amalowa m'failo akalephera msonkho, akakana kuunda mizere ya malimidwe, akadandaula za thangata kapena akamangidwa. Tsiku limene anakwatira, anasamuka, anayamba kuwamba nsomba kapena kusoka zovala pakhonde la sitolo, palibe kalaliki anatola cholembera. Komanso mapepalawo si onse alipo: mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba pamodzi ndi zolemba zambiri za zaka zoyambirira za utsamunda.

Tsopano tiwerenge zaka. Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1949 lero wadutsa zaka 85. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 mu 1959 wadutsa 80. Anthu amenewa alipo, koma aliyense wochokera kumudzi akudziwa mmene mauthenga a maliro amabwerera pa WhatsApp ya banja. Pali china chimene timaiwala. Kuchokera pa mpungwepungwe wa nduna wa 1964 kufikira riferendamu ya pa 14 June 1993, panali nkhani zimene munthu sakanaziyankhula kwa mlendo wonyamula kope, ngakhale kwa mwana wake amene. Za Chipembere, za a Mboni za Yehova amene analetsedwa mu 1967, za makadi a chipani pakhomo la msika, za apayoniya. Ndiye kuti mbadwo umene unaona zonsezi wakhala ndi ufulu wozikamba kwa zaka pafupifupi 30 zokha, ndipo m'zaka zimenezo ambiri palibe anawafunsa. Failo ku Zomba ikhoza kudikira wophunzira wa chaka cha mawa. Agogo sangalonjeze.

Tengani Chileka yemweyu. Aliyense amene analemba mayeso a mbiri amadziwa kuti pa 6 July 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka, ndipo pa 3 March 1959, bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pangozi, anamutengera pa Chileka pomwepo n'kumukweza ndege ya ku Southern Rhodesia, kumene anakamutsekera ku Gwelo. Masiku awiriwa timawaloweza. Koma bwalo la ndege silili mumlengalenga, lili pakati pa midzi. Khamu limene linakalandira Kamuzu linadutsa m'minda ya anthu, linapempha madzi m'makomo a anthu. Asilikali a chitaganya amene anatera pamenepo mu 1959 anaonedwa ndi ana oweta mbuzi. Anthu a m'midzi yozungulira ankamva chiyani ndege zikutera usiku? Amene ankagwira ntchito pabwalopo, osesa ndi onyamula katundu, ankakamba zotani akaweruka? Lipoti la Devlin, limene linafufuza za 1959, silinalembedwe kuti liyankhe mafunso amenewa. Pa Lirangwe napo pali siteshoni ya njanji imene inatalikitsidwa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Salima mu 1935, ndiponso msewu wakale wa ku Matope umene amtengatenga ankadutsa ndi katundu pamutu chifukwa cha mathithi a mu Shire. Amtengatengawo anapita kalekale, koma m'mabanja ena mukadali nkhani za mmene agogo awo anafikira kuno, ndipo nkhanizo zimatha ndi munthu mmodzi.

Wina asaganize kuti ndabwera ndi nzeru yachilendo. Mbiri ya dziko lino inamangidwa motere kuyambira kale. Yohanna Abdallah analemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, buku lake n'kutuluka mu 1919. Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa m'zaka za m'ma 1940 atafunsa akuluakulu. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, dipatimenti ya mbiri ku Chancellor College inkatumiza ophunzira kwawo kukafunsa anthu, ndipo mapepala awo ankasungidwa. Tsegulani kumapeto kwa A History of Malawi ya John McCracken, ya 2012, kapena mabuku a Kings Phiri ndi Owen Kalinga, muone mmene akatswiri akhala akudalira zimene zinatoledwa m'midzi, zina zotoledwa ndi ana asukulu a msinkhu wathu womwewu. Matthew Schoffeleers sakanalemba River of Blood popanda kukhala ndi anthu a kwa Mbona ku Nsanje, ndipo Conservation Song ya Wapulumuka Mulwafu imanena za malimidwe kuchokera kwa alimi amene anawawidwa nawo. Msewu unalambulidwa kale. Chimene ndikupempha n'chakuti usakhale wa okhawo ofuna.

Apa pakubwera nkhani ya chiyankhulo, imene ndikaiganiza imandipweteka pang'ono. Digiri yathu imayesa Chingerezi pakhomo polowera, m'kati monse, mpaka potuluka. Sindikutsutsa, mabuku ambiri ali m'Chingerezi ndipo ntchito zimachifuna. Koma wolemba mbiri ya Malawi chida chake china ndi Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe, Chisena, Chitonga, Chinkhonde, ndipo chida chimenechi palibe amachiyesa. Tonse timangoganiza kuti poti tinabadwa nacho ndiye kuti timachidziwa. Kayeseni kulemba mawu onse a gogo wa zaka 88 monga anawayankhulira, muone. Mupeza mawu amene simunawamvepo, mayina a zomera zimene anthu ankakumba m'tchire nthawi ya njala, mayina a misonkho, a magule, a nsalu. Mupeza kuti "kusuma" si kugula, si kupempha, si ganyu, ngakhale zonsezi zimalowamo, ndipo mukangoti mulembe m'Chingerezi ndi liwu limodzi mwataya theka la nkhani. M'mayunivesite ambiri a ku Ulaya ndi ku America wofuna kuzama pa mbiri ya dziko lina amayenera kuonetsa kuti amatha chiyankhulo cha kumeneko, ndipo ena amalipira ndalama zambiri kuti aphunzire Chichewa. Ife tili nacho chaulere koma pa satifiketi sichioneka.

Ndiye chimene ndikufuna n'chotani kwenikweni? Kosi imodzi yokakamiza, yoyambira semesita yachiwiri ya chaka chachiwiri. M'kalasi tiphunzire kufunsa: mmene umadzifotokozera, mmene umapemphera chilolezo chojambula, mmene umakhalira chete munthu akamaganiza, mmene umafunsiranso popanda kumuika mawu m'kamwa. Tiyeserere tokhatokha, aphunzitsi akumvetsera. Holide yaitali ikafika aliyense apite kwawo ndi kalata ya kusukulu yokaonetsa kwa amfumu, ndi mutu umodzi waung'ono umene wagwirizana ndi mphunzitsi. Waung'ono ndithu: msika umodzi, mpingo umodzi, chaka chimodzi cha njala, ulendo wa ku Wenela wa amuna a mudzi umodzi. Acheze ndi anthu asanu, ena kawiri. Pobwera abweretse mawu ojambulidwa, zolemba zake m'chiyankhulo chimene chinayankhulidwa, ndi nkhani yaifupi ya m'Chingerezi yoyerekeza zimene wamva ndi zimene zili m'mabuku. Malikisi agawidwe pa zitatu zonsezi, osati pa Chingerezi chokha.

Ena ati pepala la chaka chomaliza limachita kale zimenezi. Kwa ena limachitadi, ndipo alipo anzathu amene amabwera ndi zinthu zodabwitsa. Koma pepala lija limabwera nthawi imene munthu ali ndi makosi ena pamutu, ndalama zatha, maganizo ali pa ntchito. Amene sanafunsepo munthu chibadwire amaphunzira kufunsa pa kafukufuku yemweyo amene akuyenera kumupatsa digiri. Zotsatira zake timazidziwa tonse: mafunso 10 olembedwa usiku, anthu atatu ofunsidwa Loweruka limodzi, mmodzi wa iwo ndi malume. Ena amasankha mutu woti sufuna kutuluka pa kampasi. Kuphunzira kufunsa m'chaka chachiwiri kungachititse kuti pofika chachinayi munthu akhale atalakwitsapo kale pamene kulakwitsa sikuwawa kwambiri, ndipo ambiri angapeze mutu wa pepala lawo m'kamwa mwa gogo m'malo mousaka pa Google.

Pali phindu lina limene aphunzitsi athu ayenera kulikonda. Masiku ano nkhani ya zimene zinayambitsa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ChatGPT amailemba munthu asanamalize kumwa tiyi. Zimene ananena mayi wina wa kufupi ndi Lirangwe za chaka chimene amuna anathawa sangazilembe, pokhapokha azipeke, ndipo mawu ojambulidwa ali pomwepo oti mphunzitsi amvetsere.

Nkhani ya ndalama ndi yoona, ndipo amene timadalira ngongole ya boma timaidziwa kuposa aliyense. Koma mwa kafukufuku yense amene yunivesite ingatitume, uyu ndiye wotchipa. Holide timapita kwathu kale. Foni yojambula mawu ambiri tili nayo, ndipo dipatimenti ikhoza kusunga zingapo zobwereketsa. Chotsala ndi ya kabaza, yotchajitsa foni kumene kulibe magetsi, ndi kapaketi ka shuga kapena sopo, chifukwa kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Izi zikhoza kuwerengedwa n'kuikidwa m'bajeti monga mmene anzathu a sayansi amawawerengera za m'labu. Cholemera kwambiri ndi nthawi ya aphunzitsi. Kumvetsera mawu a ophunzira ambiri m'ziyankhulo zosiyanasiyana si ntchito yamasewera, ndipo mphunzitsi wa ku Karonga sangayese bwino Chisena. Apa pangafunike kugwirana manja ndi a dipatimenti ya ziyankhulo ndiponso ophunzira a digiri yachiwiri. Ndi ntchito yambiri, sindikubisa, koma ndi ntchito ya dipatimenti ya mbiri.

Kutsutsa kumene ndimakumva kawirikawiri m'kalasi n'kwakuti nkhalamba zimaiwala, zimasakaniza zaka, zimadzikometsera. Zoona. Gogo akhoza kukuuza za njala ya 1949 atalowetsamo za 2002 osadziwa. Wina amene anali wa chipani akhoza kukuuza kuti iye ankangoonerera. Koma kodi DC sankadzikometsera polemba lipoti lopita kwa bwana wake? Kodi nyuzipepala za nthawi ya chipani chimodzi zinkanena zonse? Ntchito ya wolemba mbiri ndi yomweyo pa failo ndi pa munthu: kufunsa kuti akunenayu ndani, akuuza yani, akufuna chiyani, ndipo wina akuti bwanji. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu ukhoza kubwereranso mawa kukamufunsa kachiwiri. Ndipotu luso lozindikira pamene nkhani yapindika silimera powerenga mutu wa buku wonena za kupindika kwa nkhani. Limamera pamene anthu awiri a mudzi umodzi akuuza zosiyana, onse akulumbira, iwe n'kumabwerera kunyumba mutu ukuzungulira.

Chimene chimandiopsa ine ndi china, ndipo ochirikiza maganizo ngati angawa sachitchula kawirikawiri. Kumudzi mbiri si yakale. Funso lakuti anayamba kufika pano ndani ndi funso la munda. Funso lakuti ufumu uwu unayenda bwanji ndi mlandu umene mwina uli kwa gulupu kapena kukhoti panopa. Funso lakuti anapereka dzina la uje kwa apayoniya ndani likukhudza anthu amene amakhala benchi imodzi kutchalitchi. Mwana wasukulu wa zaka 20, wonyamula kalata ya chidindo, akhoza kuyatsa moto umene sangauzimitse, ndipo iye akabwerera ku kampasi amayi ake ndiwo amatsala nawo. Choncho kosi imeneyi isakhale yongotikankhira kumudzi. Mitu ina mphunzitsi aikane. Wofunsidwa auzidwe momveka, m'chiyankhulo chake, kuti mawu ake apita kuti, ndipo akhale ndi ufulu wokana dzina lake kulembedwa kapena kunena kuti ichi chisatuluke ine ndili moyo. Koma zoopsazi kwa ine zikungoonjezera chifukwa chophunzitsira ntchitoyi bwinobwino, poti ngakhale lero ophunzira ena amapita kukafunsa, kungoti amapita osakonzekera.

Nanga wobadwira ku Ndirande kapena ku Area 25, amene kumudzi anapitako kawiri pa maliro? Ameneyo asadandaule, tauni nayo ili ndi nkhalamba. Alipo amene anagwira ntchito ku David Whitehead, ku njanji ku Limbe, m'nyumba za azungu ku Sunnyside. Alipo amayi amene anayamba kugulitsa mumsika wa Ndirande ali atsikana, ndi amene anaona Lilongwe akumangidwa kukhala likulu m'zaka za m'ma 1970. "Kwawo" ndikutanthauza kumene munthu amadziwika, kumene akagogoda samufunsa kuti ndiwe mwana wa yani.

Funso loti tichotse kosi iti kuti iyi ilowe ndi la aphunzitsi, koma maganizo anga ndinena. Sindili m'gulu la amene amati tisiye mbiri ya ku Ulaya. Sungamvetse chifukwa chimene Harry Johnston anafikira kuno mu 1891 osadziwa zimene zinkachitika ku London ndi ku Lisbon, ndipo amene anawerenga za kuukira kwa ku France mu 1789 amaona 1959 ndi maso ena. Malo alipo kale: kosi ya njira za kafukufuku. Igawidwe pawiri, theka m'kalasi, theka kunja. Pa nkhani ya ntchito, poti funso limeneli silisowa pakati pathu, taonani zimene omaliza digiri ambiri amayamba nazo. Mabungwe amawalemba ganyu yoyenda m'midzi ndi tabuleti kufunsa anthu mafunso. Ena amalowa utolankhani, ena uphunzitsi. Wodziwa kulonjera mfumu, kukhazika mtima wa munthu pansi, kumvetsera ndi kulemba zimene wamva popanda kuonjezera ali kale patsogolo pa mnzake amene amangodziwa kulemba mawu oyamba a asayimenti.

Chotsala ndi kumene mawuwo azikasungidwa, ndipo apa ndi pamene maganizo onsewa angafere. Foni zimabedwa, zimagwera m'madzi, memori khadi imafufutidwa kuti mulowe nyimbo. Kosi imeneyi ikakhala yoti mphunzitsi akachonga basi zatha, tidzakhala titavutitsa nkhalamba pachabe. Lamulo likhale lakuti malikisi satuluka mpaka mawu ndi zolemba zaperekedwa ku layibulale, zolembedwa bwino: anayankhula ndani ngati analola, mudzi uti, mfumu yaikulu iti, tsiku liti, chiyankhulo chiti. Kope ina ipite ku National Archives. Ina, yosindikizidwa papepala m'chiyankhulo chomwecho, ibwerere kwa mwini mawu kapena ana ake, ndi ku sekondale yapafupi ngati mwini walola, kuti mphunzitsi wa mbiri pa Chileka kapena pa Lirangwe akamaphunzitsa za 1949 akhale ndi chowerengera ana chochokera kutsidya kwa msewu. Kalasi ya anthu 40 ikafunsa anthu asanu aliyense, ndi anthu 200 pachaka, ndipo woyamba chaka chino akamadzavala mkanjo ashelefu adzakhala atayamba kale kudzaza.